Ulendo wa ku Mudzi wa Mafupa a Mwala

Kutali kumwera, m'dziko la South Africa, kuli cigawo cacikulu couma cochedwa Karoo. Mvula siigwa kawiri-kawiri kumeneko, ndipo mitengo ili yowerengeka. Munthu akhoza kuyenda tsiku lathunthu osaona kanthu kena koma tizitsamba, nkhosa, ndi mapiri osalala pamwamba ngati gome. Pakati pa mapiri ena a dzikolo, ochedwa Sneeuberg, pabisala kamudzi dzina lace Nieu-Bethesda. Nkhani ino isimba za mnyamata wina wa ku Chipata amene anakaceza kumeneko, ndi za cinthu cimene anafuna kubwera naco kwao, koma nacisiya.

Mnyamatayo anali wa zaka 13, ndipo anali kuphunzira Giredi 7. Amalume ace anali makanika wa magalimoto m'tauni ya Graaff-Reinet, ndipo pa chuthi ca mwezi wa Ogasiti anadza kudzamtenga kuti akaone dziko. Tsiku lonyamuka amace anampatsa kamba wa pa njira, namlangiza kuti, “Mwana wanga, kwa eni uyende ndi maso ndi makutu, koma manja ako akhale ofatsa.” Iye anabvomera msanga-msanga monga acita ana, pakuti mtima wace unali utalowa kale m'basi. Anadzera ku Lusaka, naoloka Zambezi pa Chirundu ndi Limpopo pa Beitbridge, napitirira Johannesburg, ndipo atatha masiku angapo m'njira anafika ku Graaff-Reinet ali wotopa ndi wozizidwa.

Loweruka lina m'mamawa amalume ace anamdzutsa, nati, “Mphwanga, bvala juzi ndi nsapato zolimba. Lero tikaona mafupa amene ali akale kuposa mapiri awa.” Anakwera galimoto nalowera kumpoto, ulendo wa makilomita ngati 50. M'njira anaona phiri losongoka lochedwa Compassberg, limene kutalika kwace kupitirira mamita 2,500, ndipo pansonga pace panali poyera ngati ufa. Mnyamatayo anayesa kuti ndi mtambo, koma amalume ace anamuuza kuti ndi cipale cofewa cimene cigwa m'nyengo yacisanu, ndi kuti dzina lakuti Sneeuberg linacokera ku cipale comweco. Potsiriza mseu unatsika m'cigwa, ndipo kamudzi kaja kanaoneka, ka nyumba zoyera ndi mitengo yaitali.

Mudzi umenewu unayamba caka ca 1875. Alimi a Cibunu okhala m'mapiriwo anali kubvutika kupita ku mapemphero ku Graaff-Reinet pa akavalo ndi pa ngolo, cotero anapangana kumanga mudzi wao wa chalichi. Anaucha dzina la thamanda lija la ku Yerusalemu lochulidwa mu Uthenga Wabwino wa Yohane, pa mutu 5. Chalichi coyera ca nsanja yaitali cimene ciima pakati pa mudziwo cinamangidwa caka ca 1905. Mnyamatayo anazizwa poona kuti m'mbali mwa miseu ya dothi munali timifolo ta madzi ocokera ku kasupe wa kuphiri, ndi kuti banja liri lonse linali ndi nthawi yace yopatutsira madziwo m'dimba mwace. M'dziko louma lotero madzi sali a munthu mmodzi, ndipo wakuba nthawi ya mnzace alakwira mudzi wonse.

Anayamba kulowa m'nyumba yochedwa Kitching Fossil Exploration Centre, mmene asonyeza alendo mafupa osanduka mwala. Anawalandira mai wina wobadwira m'mudzi momwemo, amene nchito yace inali kutsogolera alendo. Maiyo analankhula Cingelezi, ndipo pamene mnyamatayo sanamvetse, amalume ace anali kummasulira m'Cinyanja. Pa gome panali cigaza colemera ca mwala, ca mlomo wonga wa kamba ndi mano awiri okha otsikira pansi ngati minyanga. “Nyama iyi ichedwa dicynodont,” anatero maiyo, “ndiko kunena mano awiri a galu. Inali kudya zomera. Iyo apo ya mano atali ngati mipeni ndi gorgonopsian, ndiyo inali kusaka zinzace. Zonsezi zinakhala kuno zaka ngati 255 miliyoni zapitazo, zilombo zija zochedwa dinosaur zisanaoneke pa dziko.”

Ciwerengero cimeneci ncobvuta kucilingalira. Munthu atati awerenge zaka zimenezo cimodzi-cimodzi, caka cimodzi pa sekondi iri yonse, usana ndi usiku wosagona, angathe zaka 8 asanatsirize. M'masiku amenewo Karoo sanali wouma ai. Linali dziko la mitsinje yaikulu yoyenda mokhota-khota ndi madambo a matope. Nyama ikafa m'mbali mwa mtsinje, nthawi zina madzi osefukira anali kuikwirira msanga ndi matope, zilombo zinzace zisanamwaze mafupa ace. Matope ena anali kuunjikana pamwamba caka ndi caka, kufikira a pansi anauma nasanduka thanthwe. Madzi oyenda m'nthaka analowa m'timaenje ta mafupawo nasiyamo mcere wa m'miyala, ndipo pang'ono-pang'ono pfupa linalimba nilikhala mwala, koma maonekedwe ace osasintha. Tsopano mvula ndi mphepo zikukula thanthwelo, ndipo zobisika zija ziturukira poyera.

Maiyo anawauzanso kuti zaka ngati 252 miliyoni zapitazo kunagwa tsoka lalikulu koposa onse amene anagwera zamoyo. Mapiri a moto a ku dziko limene lero lichedwa Siberia anapfuka kwa nthawi yaitali, mpweya unaipa, dziko linatentha, ndipo mitundu yambiri-mbiri ya nyama ya pamtunda ndi ya m'nyanja inatheratu. Matanthwe a ku Karoo asunga mbiri ya nyama za pamtunda zimene zinalipo tsokalo lisanadze ndi zimene zinapulumuka, ndico cifukwa cace anthu ophunzira acokera ku maiko akutali kudzawaona.

Koma cimene cinamkondweretsa mnyamatayo koposa cinali mbiri ya munthu amene nyumbayo inatengera dzina lace. James Kitching anabadwa caka ca 1922, nakulira m'mudzi womwewo wa Nieu-Bethesda. Atate ace anali kapitao wa nchito ya miseu, ndipo anali kufunira mafupa otere dotolo wina wochuka wocokera ku Scotland, dzina lace Robert Broom. James anayamba kutsagana ndi atate ace m'makwawa ali mwana wamng'ono, ndipo maso ace anazolowera kuzindikira pfupa pamene ena anaona mwala wacabe. Atakula anagwira nchito pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, ndipo pambuyo pace anakhala profesa. Caka ca 1970 anapita ku Antarctica, dziko la madzi oundana lokha-lokha, napezako mafupa a kanyama kochedwa Thrinaxodon, kamene anakadziwa kale kwao ku Karoo. Kanyama kotero sikakadatha kusambira nyanja yaikulu. Umenewu unali umboni wina wakuti kale lomwe Africa, Antarctica, South America, India ndi Australia anali dziko limodzi, limene ophunzira alicha Gondwana. Kitching anamwalira caka ca 2003.

Maiyo atamva kuti alendo ace acokera ku Zambia, nkhope yace inawala. “Ndiye kuti ndinu abale a mafupa awa,” anatero. “Kitching anapita ku cigwa canu ca Luangwa m'zaka za 1960 ndi 1961, napeza mafupa ambiri kumtunda kwa cigwaco. Nyama yopanda mano yochedwa Oudenodon ipezeka kuno, ipezekanso kwanu. Ndipo pali nyama ina imene inapatsidwa dzina lakuti Luangwa, ndi ina yochedwa Zambiasaurus.” Mnyamatayo anangoti kukamwa yasa. Anali atamva za njobvu ndi mvuu za ku Luangwa kuyambira ubwana wace, koma panalibe anamuuzapo kuti pansi pa mapazi a njobvuzo pagona nyama zina zakale koposa.

Atacoka m'nyumbamo anatsikira ku mtsinje wa Gats, umene upita pakati pa mudzi. Madzi anali ocepa, ndipo anayenda pa matanthwe otuwa a m'katimo. Maiyo anaima nati, “Pamene mwaimapo pali nyama. Ipezeni.” Mnyamatayo anayang'ana uku ndi uku, nathamangira apa ndi apo, koma sanaone kanthu. Amalume ace anaseka nati, “Mphwanga, kuona maso a nkhono nkudekha.” Pamenepo anagwada pansi nayang'anitsitsa malo amodzi. Poyamba anaona thanthwe cabe. Kenaka anaona timizere toyererako tondondozana ngati mipanda ya nkhokwe, ndipo mwadzidzidzi anazindikira kuti ndi nthiti. Patsogolo pace panali msana, ndi kamutu kopendekeka. Mtima wace unagunda, pakuti cinali ngati kuphunzira kuwerenga kaciwiri.

Pobwerera iye anatsalira m'mbuyo. Pafupi ndi citsamba cina ca minga, patsinde pa gombe, anaona kamwala kotalika ngati cala, kosagwirana ndi thanthwe. Anakatola, ndipo pamene kanathyoka panaoneka timaenje ting'ono-ting'ono tonga ta pfupa la nkhuku. Anaganiza za anzace a ku sukulu, amene sakadakhulupirira nkhani yace popanda umboni. Anaganizanso kuti kanthu kakang'ono kotero palibe angakasowe m'dziko lodzala ndi mafupa. Anaceuka, naona kuti palibe ali kumuona, nakaponya m'thumba la kabudula.

Atawapeza anzacewo, anamva maiyo ali kuyankha funso la amalume ace. “Iai, bambo, saloledwa munthu kutenga ngakhale kacidutswa. Lamulo la caka ca 1999 linena kuti mafupa otere ndi cuma ca dziko lonse, ndipo wowacotsa ayenera kukhala ndi cilolezo. Koma lamulolo liri ndi cifukwa cace. Matanthwe awa ayalana ngati masamba a buku, akale pansi, atsopano pamwamba. Pfupa likakhala pa tsamba lace litiuza nthawi imene nyamayo inakhala ndi zinzace zimene inakhala nazo. Ndiponso kacidutswa kogwa pansi ndiko kalozera wofufuza kuti ayang'ane pamwamba pa gombe, kumene kapena nyama yonse ikali m'thanthwe. Mukakacotsa, mwang'amba tsamba, ndipo mwatseka njira.” Mnyamatayo anakhala cete. Kamwala kaja kanayamba kulemera m'thumba ngati mphero.

Masana anadya mkate pansi pa mtengo, napita kukaona Owl House, ndiyo nyumba ya akadzidzi. M'nyumba imeneyi munali kukhala Helen Martins, amene anamwalira caka ca 1976. Iye pamodzi ndi omthandiza, makamaka mmisiri dzina lace Koos Malgas, anaumba ndi simenti akadzidzi, ngamila ndi anthu mazana angapo, nakongoletsa zipupa ndi magalasi opera. Alendo ambiri adza ku mudziwo kaamba ka nyumba imeneyi, koma mnyamatayo sanaione bwino, pakuti maganizo ace onse anali m'thumba.

Dzuwa litapendeka anapita ku famu ina ya nkhosa kunja kwa mudzi, kumene munthu wa pa famupo anawatsogolera ku phanga la pansi pa thanthwe. Pa khoma la phangalo panali zithunzi zofiira za anthu ndi nyama. Anazijambula ndiwo anthu a mtundu wa San, alenje a uta ndi mibvi, amene anakhala m'dzikomo zaka zikwi zambiri alimi ndi abusa asanafike. Utoto wao anaupanga ndi dothi lofiira lopera, losanganiza ndi mafuta kapena mwazi. Nyama imene anailemekeza koposa inali nchefu, ndipo zithunzi zambiri sizinali zokongoletsa cabe, koma zinali za mapemphero ao ndi magule ao ociritsa odwala. Wotsogolerayo anawacenjeza kuti asakhudze khomalo kapena kuwazapo madzi, pakuti thukuta la m'manja ndi madzi zifafaniza utoto umene wapirira zaka mazana.

Amalume aja anasimba kuti m'madera ena a Karoo, kumene kulibe mapanga, anthu omwewo anali kuzokota pa miyala yakuda ya pa mtetete. Iwo eni anaiona ku Nelspoort, pafupi ndi Beaufort West, tsiku lina atapita kukakonza galimoto. Miyalayo iri ndi khungu lakuda, koma m'kati mwace ndi moyererako. Cotero mmisiri anali kugogoda ndi mwala wosongoka, kapena kupala, kapena kulemba timizere tosalala, kufikira nchefu kapena njobvu itaonekera. Komweko kuli miyala ina imene ilira ngati belu munthu akaimenya, ndipo malo omenyapo anthu akale aoneka kufikira lero.

“Nanga anthuwo ali kuti tsopano?” anafunsa mnyamatayo. Wotsogolerayo anayamba wakhala cete, ndipo pambuyo pace anafotokoza. Pamene alimi a Cibunu anafika ndi nkhosa zao m'mapiri a Sneeuberg, m'zaka za m'ma 1770, analanda akasupe ndi kupha nyama zimene a San anali kudya. A San anabwezera pakulanda zoweta, ndipo kunabuka nkhondo yoopsa ya zaka zambiri. Caka ca 1774 cokha, gulu lalikulu la nkhondo lotumidwa ndi boma la ku Cape linapha a San oposa 500 m'malire a dzikolo, nilitenga ena ukapolo. Otsala anasanduka anchito a pa mafamu, ndipo zidzukulu zao zilipo, koma cinenero cao cinazimirira. Mau ena a San a ku Karoo anasungika cifukwa Wilhelm Bleek ndi Lucy Lloyd anawalemba ku Cape Town m'zaka za m'ma 1870, kucokera pakamwa pa eni ace. Zina zonse zimene anthuwo anasiya ziri pa miyala.

Pa thanthwe lina anaonanso zozokota za m'nthawi ya nkhondo ya Mabunu ndi Angelezi, ya zaka za 1899 kufikira 1902. Mnyamatayo anafunsa kuti, “Ngati awa analemba pa mwala ndipo muwasunga, bwanji mlendo aletsedwa kulembapo dzina lace?” Munthuyo anayankha kuti, “Amenewo analemba ali m'masautso, ndipo zolemba zao zitiuza za masiku ao. Koma mlendo wolemba dzina lace pamwamba pa cithunzi cakale afanana ndi munthu wopfuula pamene nkhalamba iri kulankhula mau ace otsiriza.”

Usiku umenewo anagona m'mudzimo. M'miseu munalibe nyali, cotero nyenyezi zinaoneka zambiri ndi zapafupi monga zioneka kumudzi mwezi ukakhala mumdima. Mnyamatayo anatembenuka-tembenuka pa kama, tulo osabwera. Potsiriza anadzuka, napita pamene anakhala amalume ace pafupi ndi moto, natambasula dzanja. “Amalume, ndalakwa. Ndinatola ici ku mtsinje.”

Amalume ace sanamkalipire. Anakatenga kamwalako, nakatembenuza pa kuwala kwa moto, nati, “Khala pansi, mphwanga, ndikuuze za kwathu. Caka ca 1921 anthu okumba mgodi ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, anapeza cigaza ca munthu wakale m'phanga. Dzina la Mzungu amene analipo linalembedwa, koma la munthu wakuda amene anali kukumba naye silinalembedwe. Cigazaco cinatumizidwa ku London, ndipo Zambia yakhala ikupempha kuti cibwezedwe. Phanga lija analigumula pokumba mtobvu. Cifukwa malo ace anaonongeka, ophunzira anakangana zaka zambiri za msinkhu wa cigazaco, ndipo munali m'caka ca 2020 mmene anapeza kuti ciri ndi zaka ngati 300,000. Amene anacitenga anayesa kuti acita bwino. Iwenso unayesa kuti kanthu kakang'ono sikasowa. Kodi ukumbukira pamene unakatola?”

“Inde, amalume. Pafupi ndi citsamba ca minga, patsinde pa gombe.”

“Ndiye kuti tsambalo silinatayike. Kagone.”

M'mawa mwace, mabelu a chalichi asanalire, anapita kukafuna mai uja. Miyendo ya mnyamatayo inalemera, ndipo manyazi anamgwira kotero kuti mau anaturuka ang'ono. Maiyo anamvetsera osamdula pakamwa, nati, “Kutola unalakwa, mwana wanga, koma ambiri atola osabwerera. Tiye ukandisonyeze.” Anatsikira ku mtsinje, ndipo mnyamatayo anapeza citsamba cija, naloza kadzenje kamene kamwalako kanasiya m'dothi. Maiyo anakabwezera pomwepo, najambula malowo ndi foni yace, nalemba m'buku kuti akauze akatswiri akadzabwera. Pamenepo anayang'ana gombe lonse kuyambira pansi kufikira pamwamba, nati, “Kacidutswa aka nka nthiti. Kapena mwini wace ali m'katimu, kapena madzi anamtenga kale. Mvula idzatiuza. Koma maso uli nao. Alendo ambiri akadapondapo osaona kanthu.”

Mnyamatayo anapempha pepala ndi pensulo, nakhala pa thanthwe nthawi yaitali, najambula nthiti zija anaziona dzulo lace, ndi kacidutswa kace, ndi citsamba ca minga. Pojambula anaona zambiri zimene sanazione poyamba, pakuti dzanja lojambula liumiriza diso kudekha.

Sukulu itatsegulidwa anasonyeza anzace zojambulazo. Ena anakhulupirira, ena anaseka nati, “Umboni uli kuti?” Iye anawayankha kuti umboni uli pamalo pace, ndipo wofuna akhoza kukauona. Aphunzitsi ao anaonjeza kuti sikufunika kupita kutali kotero ai, pakuti m'cigawo comwe ca Kum'mawa muli mapanga a zithunzi zakale, monga Thandwe, Mkoma ndi Kalemba. Zina zofiira anazijambula Akafula, ndipo zina zoyera anazijambula makolo a Acewa pa miyambo ya cinamwali ndi ya Nyau. Anawauzanso kuti wopeza pfupa la mwala kapena cithunzi ca pa thanthwe asacicotse kapena kucikanda, koma akauze mfumu ndi aphunzitsi, kuti mbiri ifike ku bungwe la National Heritage Conservation Commission, limene liyang'anira zinthu zotere m'Zambia.

Kuyambira pamenepo mnyamatayo akapita kukadyetsa mbuzi ayenda pang'ono-pang'ono m'makwawa, maso ali pansi, kabuku kali m'thumba momwe munali kamwala kaja. Amace poona zimenezi anamfunsa tsiku lina cimene anabwera naco ku ulendo wautali wotero, popeza m'cikwama mwace munalibe kanthu kacilendo. Iye anati, “Amai, ndinabwera ndi maso. Manja anandilakwitsa kamodzi, koma ndinabweza.” Amace sanafunsenso, koma anamuonjezera ndiwo m'mbale.